Wamkulu kumudzi, mwana kusukulu: udindo wa makolo m'zaka zomaliza za sekondale ku Mkaika

Wophunzira wa Giredi 11 kapena Giredi 12 m'maboma a Katete, Sinda ndi Vubwi ku Zambia amakhala wa zaka zapakati pa 16 ndi 20, mwinanso kupitirira ngati anayamba sukulu mochedwa chifukwa choweta ng'ombe, kapena ngati anabwerezapo kalasi. Pa msinkhu umenewu mudzi unamuwerengera kale pakati pa akuluakulu. Mtsikana anavinidwa, mnyamata mwina analowa kudambwe, ndipo onse awiri anachoka kale m'nyumba ya makolo n'kumakagona kugowelo. Kusukulu munthu yemweyo amavala yunifomu, amaima pamzere m'mawa, amapempha chilolezo kuti atuluke m'kalasi, ndipo akalakwa amauzidwa kuti akabwere ndi makolo. Boma nalo lili ndi muyeso wake: lamulo la maukwati lomwe linakonzedwanso mu Disembala 2023 silivomereza ukwati wa munthu wosakwana zaka 18, ngakhale utakhala ukwati wamwambo. Choncho makolo asanafike pa nkhani ya ndalama, sopo ndi makope, amayamba akumana ndi funso lakuti munthu ameneyu ndi ndani. Kodi ndi mwana woti aziyang'aniridwa, kapena ndi wamkulu woti azidzionera yekha n'kumathandiza pakhomo? Thandizo limene wachinyamata amalandira kwawo, kapena limene amamanidwa, limachokera pa yankho la funso limeneli.

Ku Mkaika funsoli limaonekera poyera chaka ndi chaka. Kumeneku ndi kulikulu la Kalonga Gawa Undi, mfumu yaikulu ya Achewa a ku Zambia, Malawi ndi Mozambique, ndipo Loweruka lomaliza la mwezi wa Ogasiti mafumu a m'mayiko atatuwa amabwera kudzalamba. Mwambo wa Kulamba unaletsedwa ndi boma la atsamunda mu 1934 ndipo unayambiranso mu 1984. Pabwalo pamavinidwa Gule Wamkulu, amene bungwe la UNESCO linamulengeza mu 2005 kuti ndi chuma cha anthu a dziko lonse, ndipo anamwali amatulukira pamaso pa khamu. Ambiri mwa achinyamata amene amaimba, kuomba ng'oma ndi kutumikira alendo pamenepo ndi ana a sukulu amene ali patchuthi cha pakati pa teremu yachiwiri ndi yachitatu, ndipo a Giredi 12 amakhala atatsala ndi miyezi iwiri yokha kuti alowe m'chipinda cha mayeso. Kalonga Gawa Undi amene alipo tsopano, yemwe analowa ufumu mu 2004, wakhala akulangiza mafumu ake kuti athetse maukwati a ana ndi kuti miyambo yolangira achinyamata isamalande nthawi ya sukulu. Malangizo amenewa sakuthetsa mwambo. Akungovomereza kuti masiku ano kukula kuli ndi njira ziwiri, ndipo mwana mmodzi ayenera kuyenda zonse.

Pa chikhalidwe cha Achewa munthu sakula tsiku limodzi. Khanda limayamba lakhala m'chikuta, kenako limatulutsidwa. Mtsikana akatha msinkhu amalangidwa, akatenga pakati poyamba amalangidwanso pa chisamba, ndipo ngakhale mfumu imene ikulowa ufumu imapatsidwa mwambo ndi akuluakulu. Pa sitepe iliyonse pamakhala anthu awiri osiyana ntchito. Namkungwi ndiye mwini chiphunzitso. Phungu ndi munthu amene amasankhidwa kuti akhale ndi namwaliyo: amagona naye m'tsimba, amaonetsetsa kuti wadya, amamuperekeza kulikonse kumene akupita, amamukumbutsa zimene wamva, ndipo akalefuka amamulimbitsa mtima. Phungu savinira namwali, komanso samusiya yekha. Katswiri wa miyambo Arnold van Gennep analemba mu 1909 kuti miyambo yotere imakhala ndi magawo atatu, kupatulidwa, kukhala pakati ndi kulandiridwanso, ndipo Victor Turner, amene anakhala pakati pa Andembu a ku Mwinilunga m'zaka za m'ma 1950, anaonetsa kuti gawo lapakatilo ndilo loopsa, chifukwa munthu amakhala atasiya ubwana koma asanapatsidwe malo a munthu wamkulu. Chinamwali chimasunga munthu pakatipo masiku owerengeka. Sukulu ya sekondale imamusunga zaka zingapo, ndipo mudzi sunakonze phungu wa nthawi yaitali chotero. Aphunzitsi alipo, ndipo ndiwo anamkungwi a masamu ndi sayansi. Malo amene amakhala opanda munthu ndi a phungu, ndipo m'zaka zomaliza za sekondale malowo ndi a makolo.

Mfundo imeneyi imayankha dandaulo limene limamveka kawirikawiri pamisonkhano ya makolo ndi aphunzitsi: “Ife sitinapite patali ndi sukulu, tingamuthandize chiyani?” Mayi amene analekeza Giredi 4 sangafotokoze za maatomu, koma amatha kuona kuti mwana wake sanagone bwino sabata yonse, kuti wasiya kudya, kuti wayamba kubwera usiku, kapena kuti kope limene anagula mwezi watha likadali loyera. Zimenezi mphunzitsi wa kalasi yodzaza ana sangazione, makamaka kuyambira mu Januwale 2022, pamene boma linachotsa fizi m'sukulu zake kufikira Giredi 12 ndipo ana ochuluka anabwerera m'makalasi.

Koma mawu akuti “makolo” pakati pa Achewa amafuna kuwamasula. Mwana ndi wa mbumba ya amayi ake, ndipo mwinimbumba ndi amalume, amene ena amawatchula atsibweni. Pa ukwati wachikamwini bambo amakhala kumudzi kwa mkazi, ndipo kale mawu omaliza pa ukwati, matenda kapena mlandu wa mwana anali a amalume. Sukulu, mpingo ndi malamulo a boma zinabwera ndi dongosolo lina, limene limayang'ana kwa bambo ndi mayi. Lamulo la chuma chamasiye la mu 1989, mwachitsanzo, limapereka theka la chuma cha munthu womwalira wosasiya wilo kwa ana ake obereka, osati kwa ana a mlongo wake. Madongosolo awiriwa akagwirizana, mwana amapeza bambo, mayi, amalume ndi agogo onse atamuzungulira. Akasemphana, bambo amati, “Ana ali ndi kwawo, akaonane ndi amalume awo,” amalume nawo amati, “Ali ndi atate awo, inenso ndili ndi anga.” Mwana wa Giredi 12 amene akusowa nsapato kapena ndalama ya chigonero amagwera pakati pa mawu awiriwa. Mwambi wakuti mwana wa mnzako ngwako yemwe unanenedwa pofuna kuchulukitsa manja olera, ndipo n'zachisoni kuti kuchuluka kwa abale kumasanduka chifukwa chakuti aliyense azembe. Mabanja amene amachita bwino pa nkhaniyi ndi amene amakhala pansi Giredi 11 isanayambe, nthawi yogulitsa mbewu ndalama zikadali m'manja, n'kugawana poyera: uyu aziona za ufa, uyu za yunifomu, uyu azipita kusukulu akaitana.

Pansi pa kugawana kumeneku pali funso lina lovuta kwambiri, lakuti kuphunzitsa mwana ndi ngongole kapena ayi. M'makomo ambiri mawu ake amamveka chonchi: “Tinagulitsa ng'ombe chifukwa cha iwe,” kapena, “Ukadzayamba ntchito usadzatiiwale, azing'ono akowa ndi ako.” Mawuwa sachokera ku nkhanza. Mlimi wa chimanga, mtedza, soya ndi thonje alibe penshoni, ndipo ukalamba wake uli m'manja mwa ana. Anthu a kutali nawonso anaganizapo za zimenezi. Aristotle anaphunzitsa kuti mwana sangathe kubweza zonse zimene makolo anamuchitira, choncho amakhala wamangawa moyo wake wonse, ndipo chiphunzitso cha Confucius ku China chinaika kusamala makolo pa maziko a khalidwe lonse labwino. M'nkhani yake imene inasindikizidwa mu 1979, Jane English, wafilosofi wa ku America, anatsutsa zimenezi. Iye anati mwana sanapemphe kubadwa ndipo sanapangane ndi munthu za ngongole, kotero zimene amachitira makolo atakula ziyenera kuchokera pa chikondi chimene chinakula pakati pawo. Maganizo a English sangakwane onse pamudzi pamene nkhalamba yosiyidwa imagonadi ndi njala. Komabe pali choona chimodzi m'menemo chimene makolo a ana a mayeso ayenera kuchisunga. Ngongole ili ndi tsiku lobweza ndipo ili ndi chilango, pamene udindo wa pachibale ulibe zimenezo. Mwana wa zaka 17 amene wauzidwa kuti ng'ombe ya banja ili pamutu pake amalowa m'chipinda cha mayeso atasenza khola lonse, ndipo akaona funso limene sakulidziwa amayamba kuganiza za nkhope ya atate ake m'malo moganiza za funsolo.

Mipingo imene inabweretsa sukulu kuderali ili ndi mawu pa nkhaniyi. Amishoni a Dutch Reformed anafika ku Magwero mu 1899 ndipo pambuyo pake anatsegula malo ena monga Nyanje, m'boma la Sinda la masiku ano. Mpingo wa Reformed Church in Zambia, umene unachokera m'ntchito yawo, ndiwo umayendetsa Katete Secondary School, ndipo a Marist Brothers a mpingo wa Katolika anayambitsa sukulu ya anyamata ya Chassa mu 1954. Lamulo lolemekeza atate ndi amayi, la pa Eksodo 20, limaphunzitsidwa kwa mwana aliyense wa m'kalasi ya mpingo, ndipo pa Marko 7 Yesu anadzudzula anthu amene ankamana makolo awo thandizo ponamizira kuti chumacho anachipereka kwa Mulungu. Mbali imeneyi imalalikidwa kawirikawiri. Mbali inayo simveka mokwanira. Pa Aefeso 6, atangolangiza ana kuti azimvera, Paulo akuchenjeza atate kuti asamapsetse mtima ana awo, ndipo pa 2 Akorinto 12 akunena kuti makolo ndiwo ayenera kusungira ana chuma. Nkhani ya pa Luka 2 imaonetsa Yesu wa zaka 12 atatsalira m'Kachisi, makolo ake akumufunafuna masiku atatu ndipo atamupeza osamvetsa yankho lake. Iye anabwerera nawo ku Nazarete n'kumawamvera, iwonso anapitiriza kumulera ngakhale sanamvetse zonse za njira yake. Banja limene mwana wake akuphunzira zinthu zimene makolo sanazionepo lingathe kudziona m'nkhani imeneyi. Chikhulupiriro cha makolo akale nachonso chimati mwana amachokera kwa Chauta ndipo mizimu ya makolo imamuyang'anira, choncho wobereka ndi wosunga chabe, amene adzafunsidwa za mmene anasungira.

Ngati kholo lavomereza kuti mwana wa Giredi 12 akadali m'manja mwake, chinthu choyamba chimene limapereka ndi nthawi, ndipo apa kalendala ya sukulu imalimbana ndi kalendala ya munda. Teremu yoyamba, kuyambira Januwale mpaka Epulo, imagwa pa nthawi yopalira, yothira feteleza ndi ya njala, pamene nkhokwe zambiri zimakhala zitapepuka. Yachiwiri, kuyambira Meyi mpaka Ogasiti, ndi yokolola, yotonola chimanga, yoswa mtedza ndi yotola thonje. Yachitatu imayamba mu Seputembala, ndipo mayeso a Giredi 12, amene amakonzedwa ndi bungwe la Examinations Council of Zambia, amalembedwa mu Okutobala ndi Novembala, dzuwa litafika poswa mtengo, minda ikusoseredwa, mvula yoyamba ikuyembekezeka, komanso magule, zinamwali ndi maukwati zili pachimake. Mnyamata wa zaka 18 ndiye amagwira pulawo bwino kuposa wina aliyense pakhomo. Kumumasula m'miyezi imeneyi ndiye kuti bambo agwire yekha ng'ombe, kapena alipe waganyu ndi chimanga chimene chili chochepa kale. Imeneyi ndi nsembe yeniyeni, ndipo siyenera kupeputsidwa ndi anthu amene sanalimepo. M'chaka cha chilala ngati cha 2024, pamene Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza pa 29 Febuluwale kuti dziko lili pangozi, nsembeyo inalemera koposa, chifukwa mwana amene akanapita kuganyu kukapeza ufa anali yemweyo wofunika kukhala ndi buku.

Kwa mtsikana woyendera kuchokera kunyumba, tsiku limatha motere. Amadzuka kusanache kukatunga madzi kumjigo, amasesa, amatsuka mbale za usiku, amatenthetsa madzi osamba a atate ake, kenako amayenda kapena kupalasa njinga makilomita angapo. Akabwerako amapeza ndiwo zikumudikira kuti asadzule ndi kuphika, mwana wa mkulu wake akulira, ndi chimanga choti apite nacho kuchigayo. Buku amalitsegula nsima ya madzulo itadyedwa, akuwalitsa ndi tochi ya foni kapena kanyale ka sola kamene kamazima pasanathe maola awiri. Mlongo wake wamwamuna wa kalasi yomweyo amakhala atawerengako masana. Palibe amene anakonza dala kuti zikhale choncho, koma zotsatira zake zimaoneka pa pepala la mayeso. Madokotala amati wachinyamata wa msinkhu umenewu amafunika kugona maola 8 mpaka 10, ndipo zimene munthu wawerenga zimakhazikika m'mutu ali m'tulo. Kholo limene lasamutsa ntchito ya madzi ndi chigayo kupita kwa ena kwa miyezi itatu, n'kusungira mwana wa mayeso nyale, lachita zambiri kuposa limene lamulipirira maphunziro apadera a patchuthi koma n'kumusiyira mtondo ndi munsi.

Pali gulu lina la ophunzira limene limafuna diso lapadera. Malo m'sukulu zogonera komweko ndi ochepa, ndipo ngakhale fizi inachotsedwa, chakudya ndi chigonero zimalipiridwabe, kupatula kwa ana ovutika amene apeza thandizo la thumba la chitukuko la CDF, lomwe boma linalikweza mu 2022 kuchoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni pa dera lililonse la phungu wa nyumba ya malamulo. Choncho ana ambiri ochokera kumidzi yakutali amachita lendi tizipinda pafupi ndi sukulu zoyendera, paboma pa Katete, pa Sinda ndi m'misika ya m'mbali mwa msewu wa Great East. M'kachipinda kotero mumapezeka mphasa kapena matiresi opyapyala, kathumba ka ufa, mbaula, kapoto kamodzi, kapaketi ka soya kapena kapenta wa m'kapu, ndi yunifomu yopachikidwa pa msomali. Mumagona atsikana awiri kapena atatu, popanda wamkulu aliyense. Ufa ukatha Lachitatu, kwawo kuli kutali, ndipo panja pali amuna a ndalama, oyendetsa malole opita ku Chanida kumalire ndi Mozambique, ogula mbewu ndi ena, amene amadziwa bwino lomwe tsiku limene ufa umathera. Makolo ambiri amaona ngati atapereka ndalama ya lendi ndiye kuti amaliza, poti mwanayo ndi wamkulu. Apa ndi pamene kuganiza kuti wavinidwa ndiye wakula kumapweteka kwambiri. Kufika pakachipindako mosayembekezeka kamodzi pamwezi, kudziwana ndi mwininyumba, kupempha mayi wina wa mumpingo wa pafupi kuti azisuzumirako, ndi kutumiza ufa tsiku lake lisanakwane ndi ntchito ya phungu imene singachitike pa foni.

Mimba ikachitika, banja limayesedwa pa zimene limakhulupirira. Kale yankho linali limodzi: ankhoswe akumane, mlandu ulipidwe, mtsikana alowe m'banja. Kuyambira mu 1997 dziko la Zambia lili ndi ndondomeko yolola mtsikana amene wabereka kubwerera kusukulu, ndipo lamulo la maphunziro la mu 2011 limaletsa kukwatitsa mwana amene ali pasukulu. Koma chilolezo cha boma sichiyamwitsa khanda. Mtsikana amabwerera m'kalasi pokhapokha ngati amayi ake kapena agogo ake avomera kubereka mdzukulu kumsana kuyambira m'mawa mpaka masana, ndiponso ngati atate ndi amalume akana ndalama ya chiwongo imene yabwera pa nthawi ya njala. Sukulu zina za mipingo zakhala zikuvutika kulandiranso atsikana otere poopa kuti zikhala ngati zikuvomereza tchimo, ndipo amawatumiza kusukulu zina. Mpingo uli ndi ufulu wolanga membala wake mwa dongosolo lake, koma kumuchotsera mtsikana maphunziro ndi chilango chimene chimagwera khanda losalakwa, ndipo mnyamata kapena bambo amene anapereka mimbayo kawirikawiri sichimukhudza. Fanizo la mwana wolowerera la pa Luka 15 limaonetsa tate amene anabwezera mwana malo ake pakhomo asanaone ngati wasinthadi.

Anyamata amatayika mwakachetechete. Amene wayamba kunyamula anthu panjinga kapena panjinga yamoto, kugula ndi kugulitsa soya, kapena kulima dimba la tomato amagwira ndalama m'manja lero, pamene mkulu wake amene anamaliza Giredi 12 zaka zitatu zapitazo akadali pakhomo wopanda ntchito. Funso lake lakuti “Sukulu yamuthandiza chiyani uja?” ndi lanzeru ndipo silithetsedwa ndi kukalipa. Pamwamba pa zimenezi pali kachasu ndi njuga ya mpira ya pa foni. Asayansi ya ubongo anapeza kuti mbali ya kutsogolo, imene imathandiza munthu kudziletsa ndi kuganizira za mawa, imapitiriza kukhwima mpaka zaka za m'ma 20, kotero mnyamata wa thupi la bambo amakhala asanafike poyeza bwino phindu la lero ndi la zaka zisanu zikubwerazo. Kholo loona mtima silimulonjeza ntchito ya muofesi. Limamuuza zoona, kuti satifiketi ya Giredi 12 ndiyo imafunsidwa pakhomo la sukulu ya anamwino ya pa chipatala cha St Francis ku Katete, pa koleji ya aphunzitsi ku Chipata, ku usilikali ndi ku upolisi, ndipo dimba lidzakhalapobe mayeso akatha.

Kulankhulana kumene kuli ndi malire ake a mwambo. Mtsikana wolangidwa amauzidwa kuti asalowenso kuchipinda kwa makolo, ndipo pali nkhani zimene sangakambe ndi atate ake. Mnyamata nayenso sakhala pamphasa imodzi ndi amayi ake n'kumakamba za chibwenzi. Ena amaona ulemu umenewu ngati chotchinga, koma mwambo womwewo unatsegula makomo ena. Kwa agogo mdzukulu amaseka, amanyozana nawo mwachibale ndipo amaulula zimene sanganene kwina. Azakhali ndi amalume amatha kufunsa molunjika. Kholo lanzeru silikakamiza mwana kuti aulule kwa ilo zonse, koma limaonetsetsa kuti pali wamkulu mmodzi wodalirika amene mwanayo amamasuka naye, ndipo silichita nsanje mwana akasankha ameneyo.

Mayeso akayandikira, mantha amabweretsa nkhani za chikhulupiriro pabwalo. Mipingo yambiri imaitana ana a mayeso kutsogolo kuti iwapempherere, ndipo zimenezi zimamuuza mwana kuti sali yekha. Koma palinso aneneri amene amadzoza zolembera mafuta n'kulonjeza kukhoza, asing'anga amene amapereka mankhwala a nzeru, ndi mabanja amene mwana akadwala mutu kapena kukomoka m'kalasi amathamangira kuloza mbale wansanje kuti wamulodza. Mantha a ufiti ndi enieni kwa amene ali nawo, ndipo kuwaseka sikuwachotsa. Choipa chake n'chakuti amachotsa maso a banja pa zinthu zimene lingathe kukonza, monga malungo, njala, kusowa tulo, maso ofuna magalasi kapena nkhawa yopitirira muyeso, ndipo amasiya chidani pakati pa abale amene mwanayo adzawafune mawa. Pemphero limene limapempha mtima wodekha ndi mphamvu zogwirira ntchito ndi losiyana ndi limene limafuna kuti Mulungu alembe zimene mwana sanawerenge. Lachiwirili ndi pachibale ndi likeji, mapepala amene amagulitsidwa pa WhatsApp ponamizira kuti ndi mayeso enieni. Ambiri mwa mapepalawo ndi abodza, ndipo wogwidwa ndi enieni zotsatira zake zimafafanizidwa. Kholo limene lapereka ndalama ya likeji limakhala laphunzitsa mwana, pa nthawi imene iye akuyang'anitsitsa zochita za akuluakulu, kuti chilungamo chimatsatidwa pokhapokha zinthu zikamayenda bwino.

Zotsatira zimatuluka kumayambiriro kwa chaka chotsatira, ndipo masiku ano ambiri amazionera pa foni asanapite kusukulu. Phunziro lililonse limapatsidwa nambala kuyambira 1 mpaka 9. Nambala 1 ndi 2 ndizo zapamwamba, kufika pa 6 ndiye kuti munthu wapeza kirediti, 7 ndi 8 ndi kukhoza kwapansi, ndipo 9 ndi kulephera. Mapointi amawerengedwa pa maphunziro asanu ndi limodzi amene mwana wachita bwino, ndipo ochepa ndiwo abwino. Mayunivesite monga University of Zambia ndi Copperbelt University, pamodzi ndi makoleji ambiri, amafuna makirediti asanu, kawirikawiri kuphatikizapo Chingerezi, ndipo maphunziro ambiri amafunanso masamu. Makolo ayenera kuzidziwa zimenezi Giredi 11 isanathe, chifukwa mwana angathe kubwera ndi satifiketi, banja n'kupha nkhuku, koma masamu atapeza 8 ndipo makomo amene ankawafuna ali otseka. Ndondomeko yatsopano imene inayamba mu 2025, ya Fomu 1 mpaka 4 kenako Fomu 5 ndi 6, idzasintha mayina a makalasi ndi nthawi ya mayeso, koma kufunika kwakuti kholo limvetse zimene mapepala akunena kudzakhala komweko.

Miyezi ya pakati pa pepala lomaliza ndi zotsatira, ndiponso chaka chotsatira, ndi nthawi imene mabanja ambiri amamasula manja msanga. Mwana wabwera ndi katundu wake, yunifomu yapatsidwa kwa mng'ono wake, ndipo aliyense akuona ngati ntchito yatha. Komatu maukwati ofulumira, mimba ndi maulendo opita ku Lusaka popanda pofikira zimachuluka nthawi yomweyi. Amene wakhoza bwino amafunika womuthandiza kulemba mafomu a koleji ndi a ngongole ya maphunziro ya bungwe la Higher Education Loans and Scholarships Board nthawi yake isanadutse. Amene wagwa pa phunziro limodzi kapena awiri angathe kulembanso mayeso a GCE, amene amachitika pakati pa chaka ndipo amalipiridwa, choncho banja liyenera kupatula ndalamayo pa zokolola. Amene sukulu ya mabuku yamukanika ali ndi maphunziro a ntchito zamanja, monga ukalipentala, zomangamanga, zamagetsi ndi kusoka, amene thumba la CDF limalipiriranso achinyamata ena kudzera m'makomiti a chitukuko a m'mawadi. Mwana amene walephera amayang'ana kaye nkhope za akwawo asanayang'anenso pepala lake, ndipo mawu oyamba amene atate, amayi kapena amalume amalankhula tsiku limenelo amathandiza kwambiri kuti iye asankhe kukalembetsa GCE kapena kubisala kugowelo. M'midzi ina mwana wolephera amasekedwa pamjigo ndi pabwalo la mpira kwa miyezi, ndipo pakhala achinyamata amene anafika poganiza zodzipha chifukwa cha manyazi otere. Mwana amene wasiya kudya, wasiya kucheza ndi anzake kapena wayamba kulankhula zakuti alibenso ntchito pa dziko amafunika kuti wamkulu akhale naye pafupi usana ndi usiku, ndipo apite naye kuchipatala kapena kwa mlangizi popanda kudikira kuti zimuthere zokha.